Kwa akuluakulu a zaumoyo ndi zamaphunziro: tipatseni zowerenga za ADHD m'chilankhulo chathu

Olemekezeka akuluakulu a zaumoyo, a zamaphunziro, komanso inu osindikiza mabuku ndi oyang'anira malaibulale,

Ndine mayi wa mwana wamwamuna wa zaka 11, ndipo kwa zaka pafupifupi zinayi ndinkamumenya mwanayu chifukwa cha zinthu zimene sankachita dala. Ndayambira pamenepa chifukwa mpamene pamandiwawa mpaka lero, komanso ndikudziwa kuti usiku uno m'makomo ambiri muli mwana amene wagona akulira pa nkhani yomweyi.

Mwana wangayu ali ndi ADHD. Dzina lonse pa Chingerezi amati attention deficit hyperactivity disorder, nde taganizani, dzina lokhalo ndi mpanda kale, agogo ake olo muwabwerezere kakhumi sangalitchule. Mwachidule ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kulephera kukhazikika, ndi kuchita zinthu asanaganize. Koma ife dzinali sitinkalidziwa. Kunyumba tinkangoti ndi wopulupudza. Kusukulu ankati ndi wosamva. Achibale ankati ndamulekerera, ndikumulera ngati dzira.

Ndimutume kuti akatenge nsapato kuchipinda, amabwera patapita nthawi atanyamula zina, nsapato waiwala ndipo sakukumbukira nkomwe kuti ndinamutuma. Zolembera zimatayika sabata iliyonse, juzi yatayika, kope latayika. M'kalasi aphunzitsi asanamalize funso iye wayankha kale, molakwa, anzake nkumuseka, iye nkukwiya nkumenya mnzake, ine nkuitanidwa. Pa msewu amangodumpha osayang'ana uku ndi uku, kawiri konse mtima wanga unatsala pang'ono kuima. Ine ndinkati mmera mpoyamba, ndikapanda kumuwongola panopa adzandilakira, nde ndimatenga kamtengo. Iye amalira, amapepesa, ndipo amapepesa zochokera pansi pa mtima ndithu, mawa lake zomwezo. Tsiku lina ali ndi zaka 8 anandifunsa ali pa bedi kuti, "Amayi, bwanji ine ndimangolakwa tsiku lililonse?" Ndinasowa chomuyankha.

Chimene chinasintha zinthu m'nyumba mwathu ndi kuwerenga basi. Nesi wina, amene anamuona akukwera mabenchi tikudikira kuonana ndi dokotala pa nkhani ina, anandilembera zilembo zinayi zija pa kapepala nkundiuza kuti mayi kawerengeni izi ndipo mukamuonetse kwa amene amadziwa za ana. Ndinayamba kusaka pa foni usiku ana atagona. Zonse zinali pa Chingerezi, china chake Chingerezi cha madokotala choti ndime imodzi ndimaibwereza katatu. Koma ndinkalimbikira chifukwa tsamba lililonse linali ngati munthu wakhala akusuzumira pa windo la nyumba yanga nkumalemba za mwana wanga.

Nde funso langa kwa inu ndi ili. Nanga mayi amene Chingerezi chimamuvuta? Nanga bambo amene alibe foni ya intaneti? Nanga agogo amene akulera zidzukulu okha? Ine ndinachita mwayi kukumana ndi nesi uja komanso kuti sukulu ndinapitako. Moyo wa mwana usamadalire mwayi wotere. Za malungo, za katemera, za kuyamwitsa mwatilembera timapepala ndi mapositala m'chilankhulo chathu ndipo zinathandiza, tinamva. Chimene ndikupempha ndi choti muchite chimodzimodzi pa nkhani iyi.

Musaganize kuti ndi vuto la ana ochepa. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti pa ana 100 aliwonse pafupifupi 5 ali ndi ADHD. Kutanthauza kuti kalasi ya ana 40 mwina muli awiri, m'kalasi iliyonse, sukulu iliyonse. Kwa akuluakulu ndi 2 kapena 3 pa 100, chifukwa ambiri sizimangotha akakula ayi, zimangosintha maonekedwe, kukwera mabenchi kuja kumasanduka kusakhazikika kwa mumtima, kuiwala nthawi, kusiya ntchito zosamaliza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaliika vutoli ndi dzina lomweli mu ndandanda wake wa matenda wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022.

Achibale ena ankandiuza kuti amenewo ndi matenda a ana a masiku ano, mafoni ndi TV. Ndikanakonda akanawerenga okha zimene ndinawerenga ine, kuti dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu olephera kuika maganizo pamodzi kale mu 1798, ndipo mu 1902 dokotala wa ana George Still anafotokoza ku London za ana anzeru bwinobwino koma olephera kudzigwira. Nthawi imeneyo foni ya m'manja kunalibe. Ena ankati ndikumupatsa shuga wambiri, koma pamene akatswiri anayesa kupatsa ana ena shuga ena zotsekemera zopanda shuga, makolo osadziwa kuti wapatsidwa chiti, sanapeze kusiyana pa khalidwe la anawo.

Chimene chinandiliza ndi nkhani ya kumtundu. Kafukufuku wa ana amapasa amaonetsa kuti gawo lalikulu, pakati pa 70 ndi 80 pa 100, limachokera ku chibadwa. Zina zimene zimaonjezera chiopsezo ndi kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika kwambiri, ndi poizoni wa mtovu. Kulera kolakwika sikuyambitsa ADHD, ngakhale nkhanza ndi phokoso la m'nyumba zimatha kukulitsa mavuto ake. Nditawerenga zimenezi ndinakhala phee, ndinaganiza za mchimwene wanga amene anasiya sukulu aliyense akumunena kuti ndi chitsiru, chonsecho munthu uja wailesi yakufa amaitsegula nkuikonza popanda womuphunzitsa. Panopa ndi bambo wamkulu ndipo mpaka lero amadzitcha yekha mbuli. Palibe anamuuzapo kanthu kena.

Komanso ndinawerenga za kafukufuku wa mu 2007 ku America amene anajambula ubongo wa ana mazanamazana kwa zaka zingapo, nkupeza kuti mwa ana a ADHD mbali zina za ubongo, makamaka ya kutsogolo imene imathandiza munthu kudikira ndi kukonza zochita, zimachedwa kukhwima ndi zaka pafupifupi zitatu. Apa mpamene ndinamvetsa kuti ndinkamenya mwana pomufuna achite zimene ubongo wake unali usanafikepo. Amadziwa lamulo, ukamufunsa amalinena bwinobwino, koma nthawi yoti alitsate ikafika mabuleki ake sagwira msanga. Chiganizo chimodzi chimenechi chikanandipeza ali ndi zaka 5, kamtengo kaja sindikanakagwira.

Tsono mukamalemba, chonde lembani zoona zonse, chifukwa ndikuopanso mbali inayi. Si mwana aliyense wothamangathamanga ali ndi ADHD, ana amasewera, ndi ubwana umenewo, ndipo sindikufuna tiyambe kumata dzinali pa mwana aliyense wotopetsa aphunzitsi. Buku limene madokotala ambiri amatsata, DSM-5 la mu 2013, limati zizindikiro zikhale zisanu ndi chimodzi kapena kuposa pa gulu la kusatchera khutu kapena pa gulu la kusakhazikika, zikhale kwa miyezi yosachepera 6, zikhale zinayamba mwana asanakwane zaka 12, zizioneka malo awiri kapena kuposa monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikhale zikumusokonezadi moyo. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kumanena kuti uyu ali nayo, dokotala amafunsa makolo, amafunsa aphunzitsi, amamuona mwana. Ndipo asanatchule dzinali amayenera kuona kaye zina zimene zimafanana nazo. Mwana wosamva bwino m'makutu amaoneka ngati sakulabadira. Wosaona pa bolodi amasewera m'kalasi. Pali mtundu wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti duu kwa masekondi ochepa nkubwerera, anthu nkumati akulota. Kusagona mokwanira, njala, kuchepa magazi, mantha a mwana amene akuchitidwa nkhanza, zonsezi zimabalalitsa maganizo. Olo kungokhala wamng'ono kwambiri m'kalasi, kafukufuku wa m'maiko angapo anaonetsa kuti ana otere amapatsidwa dzinali kawirikawiri kuposa anzawo okulirapo miyezi. Kabuku kabwino kanene zimenezi poyera, kamuuze kholo kuti pitani mukayezetse makutu ndi maso kaye.

Ndipo musaiwale atsikana. Anyamata amapezeka nayo kwambiri chifukwa amasokosa, koma pali mtundu wina wopanda phokoso, mwana amangokhala chete kumbuyo kwa kalasi maganizo ali kutali, sasokoneza munthu nde palibe amamuona, amangolembedwa pa lipoti kuti ndi waulesi chaka ndi chaka. Ambiri mwa ana otere ndi atsikana.

Koma gawo limene ndikufuna likhale lalikulu m'zowerengazo ndi loti kholo lichite chani mawa m'mawa. Zambiri zimene ndinapeza zimathera masamba pofotokoza vuto, kenako pamapeto nkungoti kaonaneni ndi katswiri. Eya tikaonana naye, koma pakati pa lero ndi tsiku limenelo mwana akufunika avale, apite kusukulu, alembe homuweki. Ndikuuzeni zimene zinagwira ntchito kwa ife, zonse ndinazitola m'kuwerenga ndipo palibe chinafuna ndalama.

Ndinasiya kukuwa ndili kukhitchini. Ndimapita pamene ali, ndimamugwira paphewa, andiyang'ane, nkumuuza chinthu chimodzi chokha, osati samba uvale utenge chikwama utseke chitseko, ayi, chimodzi, ndipo abwereze zimene ndanena. Akamaliza abwere adzatenge chachiwiri. Zochita za m'mawa tinazijambula pa pepala nkumata pa khoma, iye yemwe ndi amene anajambula, nde m'malo moti ine ndizingolongolola amakaona yekha kuti chatsala nchiyani. Homuweki timaiduladula, mphindi khumi alembe, adzuke athamange panja, abwerenso, ndipo yomwe inkatitengera maola awiri ndi misozi panopa imatha tonse tili anthu. Chikwama, nsapato, zolembera zili ndi malo amodzi ndipo timalongedza usiku. Nthawi yogona ndi imodzimodzi tsiku lililonse, foni ndi TV zimazimitsidwa nthawi ikadalipo, chifukwa akapanda kugona mawa lake zonse zimawirikiza.

Chovuta kwambiri kwa ine chinali kuyamikira. Ndinali nditazolowera kuona zolakwa zokha. Zowerengazo zinkati mupezeni akuchita bwino ndipo munene pompopompo, osadikira madzulo, chifukwa mwana wa ADHD mphotho ya kutali saimva, imene amaimva ndi ya panopa. Nde ndinayamba, wadikira mpaka ndamaliza kulankhula, ndaona, wachita bwino. Tsiku loyamba anandiyang'ana modabwa ngati ndalankhula chilankhulo china, ndipo zimenezo zinandionetsa kuti mawu abwino ochokera kwa ine anali atawasowa nthawi yaitali bwanji. Chilango chilipobe, sikuti timangomusiya, koma ndi chachifupi, chodziwika kale, chobwera nthawi yomweyo, ndipo sichikhala ndi kamtengo. Sindikunama kuti zonse zili myaa, masiku ena ndimatopa mpaka kukadzitsekera kuchipinda, koma mwana wanga sandithawanso ndikalowa m'nyumba.

Zimenezi si nzeru za ine ndekha ayi. Malangizo a WHO a mhGAP, amene analembedwera azaumoyo omwe si akatswiri a za ubongo, amaika patsogolo kuphunzitsa makolo njira zoterezi ndi kugwira ntchito ndi aphunzitsi. Madokotala a ana a ku America nawonso amati kwa mwana wa zaka 4 ndi 5 choyamba ndi kuphunzitsa makolo, osati mapiritsi. Nde ngati thandizo loyamba ndi kuphunzitsa kholo, kholo liphunzira bwanji popanda chowerenga chimene lingamve?

Za mankhwala lembaninso mosabisa, osaopseza komanso osatsatsa. Makolo timamva mphekesera zambiri, ena amati amapusitsa mwana, ena amati ndi mankhwala ozunguza bongo. Zoona zake nzoti mankhwala a mtunduwu akhala akufufuzidwa kuyambira 1937 pamene dokotala Charles Bradley ku Rhode Island, ku America, anaona kuti ana ena akhazikika ndipo akukhoza m'kalasi atawamwa. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin, amathandiza timadzi totumiza mauthenga mu ubongo monga dopamine kugwira bwino ntchito, ndipo ana ambiri amawathandizadi. Koma sachiritsa, amagwira ntchito maola amene ali m'thupi basi, amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusowetsa tulo, ndipo mwana amafunika kumuyeza sikelo, msinkhu, BP ndi kugunda kwa mtima pafupipafupi. WHO imati asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 6 ndipo akhale m'manja mwa katswiri. Kholo likadziwa zonsezi limasankha ndi maso otsegula. Likapanda kudziwa limagwa m'manja mwa anthu a pa Facebook ndi WhatsApp ogulitsa timabotolo tolonjeza kuchiritsa ADHD m'sabata ziwiri, ndipo anthu amenewo, mosiyana ndi inu, amalemba m'chilankhulo chimene timamva.

Pa kalembedwe ndili ndi pempho lina limene mwina simunaliganizire. Popeza vutoli limayenda kumtundu, nthawi zambiri kholo limene mukulilembera nalonso lili ndi vuto lomwelo. Buku la masamba 300 silimaliza. Tipatseni timabuku tating'ono, masamba khumi kapena khumi ndi awiri, zilembo zikuluzikulu, zithunzi, mutu umodzi kabuku kamodzi. Muzijambulenso mawu kuti amene sawerenga amvere pa wailesi kapena pa foni, chifukwa m'nyumba zambiri amene amakhala ndi mwana tsiku lonse ndi agogo kapena azakhali, ndipo mayi akasintha koma agogo akupitiriza kumunena kuti mwana wosamva, palibe chimayenda. Ndipo chonde posankha mawu musagwiritse ntchito mawu oti misala kapena kuzerezeka. Kholo likangoona mawu amenewo limabisa mwana ndipo kabukuko kamathera pa moto. Khalani pansi ndi makolo ndi akatswiri a chilankhulo mupeze dzina loti mayi angalitchule pagulu osachita manyazi.

Mwana mwiniwakeyo nayenso alembereni kake. Wanga nditamufotokozera kuti ubongo wake uli ndi liwiro koma mabuleki akukulabe, ndipo si iye yekha, anafunsa kuti nde sindine woipa? Anasangalala kumva kuti Michael Phelps, wosambira amene anapambana mamendulo a golide 23 pa Olympics, anamupeza ndi ADHD ali mwana. Komabe musadzaze kabukuko ndi anthu otchuka okhaokha, ana athu ambiri sadzakhala a Phelps ndipo safunika kutero kuti tiwakonde, muikemonso mwana wamba amene waiwala kope lero koma mawa wakumbukira. Abale ake nawonso amafuna tsamba lawo, mlongo wake wamng'ono anandifunsapo chifukwa chake mchimwene wake amayamikiridwa pa zinthu zimene iye amachita tsiku lililonse popanda womuombera m'manja, ndipo funso limenelo ndi lachilungamo.

Inu a zamaphunziro, aphunzitsi sindikuwaimba mlandu, ambiri sanauzidwepo za zimenezi ndipo ali ndi ana ochuluka. Mphunzitsi mmodzi nditamupatsa zimene ndinalemba pa manja anamusamutsa mwana wanga kuchoka pa windo kupita kutsogolo, nkumamutuma kufufuta bolodi ndi kugawa makope kuti azidzuka mololedwa, nkumamupatsa ntchito pang'onopang'ono. Teremu imeneyo sindinaitanidwe olo kamodzi. Pepala limodzi lokha, kutsogolo ndi kumbuyo, likanakhala m'manja mwa mphunzitsi aliyense amene akuchoka ku koleji. Muikemonso kuti ana ambiri a ADHD amakhalanso ndi vuto la kuwerenga ndi kulemba kapena nkhawa, nde akamalephera asamangoti ndi ulesi.

Ine ndili ndi kope limene ndinkamasuliramo zonse zimene ndinkawerenga usiku uja, ndi bolopeni, m'Chichewa changa chomwechi. Lazungulira kwa amayi anayi, masamba ena athothoka, wina analibweza litanyowa ndi misozi, ndipo panopa pali bambo wina akulidikira. Kope la mayi mmodzi silingafike kwa onse, komanso nkhani ya umoyo wa ana imafunika dokotala aione isanafalikire. Ndine wokonzeka kulipereka kwa aliyense wa inu amene angalitenge, alikonze, aonjezere zimene zikusowa, alisindikize nkuliika pa kiliniki ya ana, m'laibulale ndi mu ofesi ya ahedi. Makolo amene tadutsamo tilipo ndipo tibwera kudzawerenga zimene mwalemba musanasindikize, kuti tikuuzeni ngati zikumveka.

Ndine,
Mayi wa mwana wa ADHD